Tebulo Lopanda Kanthu la Mayi Rula

Tsiku limene mabuku awo anatulutsidwa pa wilibala, Mayi Rula analira. Sanalire pagulu ayi. Anadikira kuti wilibala yomaliza ilowe m'chipinda chosungiramo katundu, anaitsatira ngati akukaona kuti mabukuwo aikidwa bwino, kenako anatseka chitseko n'kukhala pamulu pomwepo. Mabuku makumi asanu ndi limodzi, onse olembedwa ndi dzanja lawo, anali atawunjikidwa pakati pa mipando yothyoka ndi matayala akutha.

M'thumba la siketi yawo munali kalata yochokera kwa bwana wamkulu. Inali yaifupi ndiponso yaulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkapweteka kwambiri. Inkanena kuti ofesi yasiya kugwiritsa ntchito mabuku, zonse zizilowa mu kompyuta. Makalaliki atatu amene analipo apatsidwa miyezi itatu kuti aphunzire. Lachisanu lomaliza la mwezi wachitatu kudzakhala mayeso, ndipo wolephera ntchito idzakhala itamuthera.

Inu amene mukuwerenga, ngati munauzidwapo kuti zimene mumadziwa zatha ntchito, khalani pansi mumve. Ndikuuzirenitu kuti nkhaniyi ikutha bwino, mtima usakhale m'malere. Masiku ano mayiwa akamaifotokoza amaseka mpaka kupukuta misozi. Koma tsiku limenelo, atakhala pa mabuku awo, panalibe choseketsa.

Ofesi imene amagwirako imayeza madzi akumwa. Pali magulu a anthu amene amayenda ndi galimoto m'zitsime ndi m'mijigo, kutunga madzi m'timabotolo, kuwayeza, n'kulemba zimene apeza pa fomu. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mafomu onsewo ankathera pa desiki ya mayiwa. Iwo ankatenga buku lalikulu lachikuto cholimba, kujambulamo madanga ndi rula yachitsulo, kulemba mitu pamwamba, n'kukoperamo chilichonse. Rulayo sinkachoka m'manja mwawo. Ankalozera nayo, ankakandira nayo kumsana, ankaopsezera nayo aliyense wofuna kuika kapu ya tiyi pa mafomu. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale.

Sukulu sanapite nayo patali. Bambo awo atamwalira anasiyira sekondale panjira, n'kuyamba ntchito yokolopa mu ofesi yomweyi. Kalaliki wa nthawi imeneyo anali mkulu wina waukali, wosaseka ndi munthu. Iyeyu anaona kuti mtsikana wokolopayo amalemba mooneka bwino, ndipo anayamba kumupatsa mabuku kuti azijambulamo madanga. Tsiku lina mtsikanayo anafuna kusangalatsa mkuluyo. Mafomu a mwezi umenewo asanafike, anajambuliratu buku lonse, masamba mazana awiri, n'kulemba mitu ya madanga kuchokera m'mutu mwake. Mafomu atafika anali ndi danga limodzi loonjezera.

Mkulu uja sanakalipe. Anangotenga buku latsopano n'kuliika patsogolo pake.

"Mutu wako si fomu," anatero. "Buku lizikhala lopanda kanthu mpaka fomu ifike. Uziyamba waiona, ndiye uzilemba mitu. Yambiranso."

Anayambiranso, masamba onse mazana awiri, misozi ikudonthera pa rula. Kuyambira tsiku limenelo sanalemberetunso mutu wa danga asanaione fomu.

Madzulo a tsiku la kalata lija, Mayi Rula anapeza amuna awo ali pakhonde monga mwa masiku onse. Bambowa ndi telala. Anali atapana timapini pakamwa, akupinda miyendo ya buluku la munthu. Analandira kalatayo, kuiwerenga kawiri, n'kulavulira timapini tija m'dzanja.

"Ndiye mwaganiza zotani, amayi?"

"Ndiganizenji, abambo? Zaka zanga zonsezi ndikayambe sukulu ya makina? Mutuwu unauma kale."

"Mutu wouma uti? Womwewu umene umakumbukira chilichonse chimene ndinalakwa chikwatiraneni?"

"Musandiseketse, ine ndili pa mavuto."

"Yesani kaye," anatero bambowo akubwezera timapini pakamwa. "Zikakanika ndikuikirani kampando apa muzisokerera mabatani. Koma ndikuchenjezeni, bwana wa pano ndi wovuta, ndipo tiyi kulibe."

Mayiwo anaseka pang'ono asakufuna. Koma kampando kameneko kanawakhala m'mutu, ndipo anatsimikiza mtima kuti sakhalapo.

Makompyuta aja anabwera ndi katswiri wake, mayi wachitsikana amene tsiku lonse ankakhala atavala mahedifoni m'makutu. Anthu ankangomutcha Mahedifoni. Ukamulankhula ankasuntha mbali imodzi yokha, kumva zimene ukufuna, n'kubwezeretsa. Mayi Rula anameza manyazi n'kukaima pa desiki yake.

"Mwana wanga, ndiphunzitse. Pa zimenezi ndine mbuli yotheratu, koma ulesi ndilibe."

Mahedifoni anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku rula.

"Theka la ola pa nthawi ya nkhomaliro, amayi. Kuposa pamenepo sindingathe."

Masabata oyamba anali a manyazi okhaokha. Makalaliki anzawo awiri aja anali achinyamata, zala zawo zinkangothamanga. Mayiwa ankasakasaka chilembo chilichonse n'kuchibaya ndi chala chimodzi. Mmodzi wa awiriwo ankanong'oneza mnzake, mokweza ndithu, kuti amayi ayamba kujompha ngati nkhuku. Komanso kompyuta ilibe chisoni. Ukaiwala kampumiro kamodzi kokha, imakulavulira mawu ofiira psuu, ambirimbiri, osakuuza n'komwe kuti pepani. Tsiku lina mayiwa anafufuta mwangozi ntchito ya tsiku lonse. Ananyamula chikwama n'kufika mpaka pageti, kuima pamenepo kwa kanthawi, n'kukumbukira kampando ka mabatani. Anabwerera.

Kunyumba kunalibe kompyuta. Ndiye anachita zimene ankadziwa: anagula buku lachikuto cholimba. Chilichonse chimene Mahedifoni wawaonetsa ankachikopera mmenemo ndi dzanja, chilembo ndi chilembo, n'kudula mzere ndi rula pansi pake. Kumanzere kwa tsamba ankalemba malamulo a kompyutawo, kumanja ankalemba tanthauzo lake m'mawu awoawo. Ankawerenga bukulo m'basi popita ndi pobwera. Mmawa mlonda akamatsegula geti ankawapeza ataima kale, ndipo ola limenelo, anzawo asanafike, ankayesa pa kompyuta zimene analemba dzulo lake. Mwezi woyamba utatha, chala chachiwiri chinalowa ntchito.

Tsopano ndifotokoze ntchito imene ankayenera kuidziwa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Oyeza madzi aja anali atasiya mapepala. Ankalemba pa foni, ndipo kutha kwa mwezi gulu lililonse linkatumiza fayilo yake. Kalaliki ankayenera kusonkhanitsa mafayilo onsewo kukhala tebulo limodzi la mu kompyuta, la madanga ndi mizere, limene akatswiri amalitcha deta fulemu. Mayi Rula ankangoti tebulo. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva: umayamba wapanga tebulo lopanda kanthu, lokhala ndi mitu yokha pamwamba, kenako n'kumathiramo mizere ya gulu lililonse, fayilo ndi fayilo, mpaka onse atha.

Mahedifoni anali atalemba kale pulogalamu yochitira zimenezi, ndipo ndi imene ankaphunzitsa onse atatu. Mitu ya madanga anailemba yekha m'kati mwa pulogalamuyo, isanu ndi iwiri: nambala ya chitsime, dera, tsiku, mchere, chitsulo, asidi ndi tizilombo. Pulogalamuyo inkapanga tebulo la mitu imeneyi, n'kumatola m'mafayilo zokhazo zimene zili pansi pa mitu yomweyi.

Mayi Rula ataona zimenezi, thupi linawachita nyansinyansi ngati aona munthu akuika kapu ya tiyi pa mafomu.

"Mwana wanga, mituyi waitenga kuti?"

"Ndinailemba ine, amayi. Ndimaidziwa pamtima."

"Nanga fomu ikadzasintha?"

Makalaliki awiri aja anaseka chikhakhali. Mahedifoni anasuntha mbali imodzi ya mahedifoni ake.

"Fomu sisintha, amayi. Ikadzasintha adzatiuza."

"Pa zaka zanga zonse pano yasintha kakhumi ndi kamodzi," anatero mayiwo. "Anatiuza kawiri."

Aliyense anabwerera ku ntchito yake. Koma nthawi ya nkhomaliro itakwana, mayiwo anafunsanso. Kodi n'zotheka kupanga tebulo lopanda kanthu, loti mitu yake munthu sailemba yekha, koma lizikatenga pa fomu imene yabwera mwezi umenewo?

"N'zotheka," anatero Mahedifoni, "koma pa mayeso sizikufunika. Mukudzivutitsiranji? Lowezani yangayi, mukhoza."

"Ndionetse poyambira pokha."

Mtsikanayo anausa moyo, n'kuwaonetsa mmene kompyuta imawerengera mzere woyamba wa fayilo, umene umakhala ndi mitu. Zotsalazo anati azione okha. Mayiwo anatsegula buku lawo, kumanja kwa tsamba n'kulemba zimene manja awo anakhala akuchita kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri: Tenga mitu pa fomu. Ona kuti ilipo ingati. Jambula madanga okwanira mituyo. Usaike mzere ngakhale umodzi. Mata mitu pamwamba. Kumanzere kwa tsamba kunali mbee, ndipo kudzaza mbali imeneyo kunawatengera masabata asanu.

Ulendo woyamba, mitu ija inatsika chotsetsereka m'danga limodzi m'malo moyala pamwamba. Ulendo wachiwiri analemba okha kuti madanga akhale asanu ndi awiri, ndipo atayesa ndi fayilo ina yakale ya mitu isanu ndi umodzi, mawu ofiira aja anabwera ndi abale awo. Apo m'pamene anazindikira kuti abwereza kulakwa kwa utsikana wawo: nambalayo anaitenga m'mutu. Anafufuta n'kuuza kompyuta kuti iziona yokha kuti mitu ilipo ingati. Ulendo wachitatu tebulo linatuluka bwinobwino, koma pansi pa mitu panali mzere umodzi wopanda chilichonse, umene palibe anauitana. Mayiwo ankautcha mzukwa. Unawavutitsa masiku anayi, mpaka anaona kuti pamene panayenera kukhala ziro iwo analembapo wani. Atakonza, mzukwa uja unapita.

Mmawa umenewo, mu ofesi muli zii, pa sikirini panaoneka tebulo loyera, mitu ili ndandanda pamwamba, pansi mulibe kanthu. Mayi Rula analiyang'ana nthawi yaitali. Linkafanana ndi tsamba loyamba la buku latsopano mafomu atangofika. Kwa nthawi yoyamba chilandirireni kalata ija, anapuma mpaka mpweya kufika pansi pa mimba.

Lachisanu la mayeso linafika. Bwana wamkulu anali munthu wokonda kuyang'ana wotchi ngakhale pamene akupereka moni. Analowa, n'kuuza Mahedifoni kuti aike mafayilo a mwezi umenewo m'makompyuta atatu. Mafayilowo anali atangofika mmawa womwewo, ndipo palibe anali atawatsegula.

"Ola limodzi," anatero bwanayo. "Ndikufuna tebulo limodzi la mwezi uno kwa aliyense wa inu. Yambani."

Achinyamata awiri aja anatsegula pulogalamu imene anaphunzitsidwa. Pa mphindi makumi awiri anali atamaliza, matebulo awo odzaza bwino, iwo atapinda manja. Mayi Rula anatsegula buku lawo n'kuyamba kukopera ndi zala ziwiri. Kawiri konse mawu ofiira anawachezera. Wotchi ya bwana itatsala mphindi zisanu, anali atangomaliza kumene gawo loyamba la pulogalamu yawo. Anadina batani, tebulo lopanda kanthu lija n'kutuluka.

Bwana anaima kumbuyo kwawo.

"Mayi, nthawi yatha pafupifupi, ndipo tebulo lanu mulibe kanthu."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Koma chimene chinawaopsa mayiwo sichinali mawu a bwana ayi. Iwo anali ataona mituyo. Mafayilo a miyezi itatu yonseyo ankabwera ndi mitu isanu ndi iwiri, koma apa inali isanu ndi itatu. Anaganiza kuti mzukwa uja wabweranso, ulendo uno wadzera m'danga, pamaso pa bwana. M'maso mwawo munabwera khonde lakunyumba, kampando, ndi chitini cha mabatani.

Manja okha ndi amene sanasokonezeke. Dzanja lamanja linatenga rula yachitsulo n'kuigoneka pa sikirini, pansi pa mitu, monga linkachitira pa mabuku. Anayamba kuwerenga umodziumodzi, milomo ikugwedera. Nambala ya chitsime. Dera. Tsiku. Mchere. Chitsulo. Asidi. Tizilombo. Rula inaima pa wachisanu ndi chitatu. Sunali mzukwa. Unali mutu weniweni, wolembedwa bwinobwino: mtovu.

Anatsegula fayilo ya gulu loyamba n'kuyang'ana mzere wapamwamba. Mtovu unalipo, ndipo pansi pake panali manambala.

"Bwana," anatero ndi mawu ouma, "fomu yasintha."

"Mwati bwanji?"

"Fomu yasintha. Mwezi uno ayezanso mtovu m'madzi. Mutuwu sindinaulembe ine, tebuloli lautenga pa fomu."

Bwanayo anawerama, kuyang'ana pamene rula inaloza, n'kudzimenya pachipumi. Anali iye mwini amene anasaina kalata yolamula kuti magulu onse ayambe kuyeza mtovu mwezi umenewo. Kalatayo inapita kwa oyeza madzi, koma kuofesi ya makalaliki anaiwala kutumizako.

"Thirani mizere tione," anatero, wotchi ataiiwala.

Mayiwo anakopera gawo lachiwiri, lothira mizere, bwana ali chilili, n'kudina batani. Tebulo lija linadzaza kamodzin'kamodzi, zitsime mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri, danga lililonse ndi zake. Bwanayo anapita pa makompyuta a achinyamata aja. Matebulo awo anali okongola, mizere yofanana nambala, koma madanga asanu ndi awiri. Pulogalamu ija inatola zimene inkadziwa, mtovu n'kuusiya panja mwakachetechete, popanda ngakhale liwu limodzi lofiira.

Anabwerera pa desiki ya mayiwo n'kutsetsereka ndi chala m'danga latsopanolo. Chala chinaima kanayi. Zitsime zinayi zinali ndi mtovu wopitirira muyezo, ndipo mtovu ndi poizoni amene saoneka, sanunkha, koma amawononga ana pang'onopang'ono. Bwanayo anatulutsa foni n'kutuluka akuyankhula mokweza kuti zitsime zimenezo zitsekedwe lero lomwe, anthu apatsidwe madzi ena.

Za mayeso bwana sananene kanthu. Mayi Rula anakhala pomwepo, rula ili m'manja, osadziwa ngati akhoza kapena alephera, poti ola lija linali litadutsa ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ndiye chitseko chinatsegukanso, bwana n'kusuzumira, foni ili kukhutu.

"Mayi, Lolemba mubwere monga mwa nthawi zonse. Ndipo awiriwa muwaphunzitse kachitidwe kanuko."

Chitseko chinatsekeka.

Abale anga, pali mpumulo wina umene munthu sungaufotokoze. Mayiwo sanalulutire, sanavine. Anavula nsapato pansi pa desiki n'kuponda simenti yozizira, ndipo anamva ngati wina wawatula mtolo umene anausenza miyezi itatu osautsitsa ngakhale pogona. Anaona kuti kunja kuli dzuwa. Anamva njala, njala yeniyeni, imene anali asanaimve kwa masiku ambiri. Kenako anayamba kuseka okha, phewa likugwedezeka, misozi ikutsika, osaipukuta.

Mahedifoni anabwera n'kuima pambali pawo. Anavula mahedifoni onse, mbali zonse ziwiri, n'kuwaika pa desiki. Anthu mu ofesimo akuti aka kanali koyamba kuona makutu ake.

"Amayi, munandiuza. Ine ndinakusekani mumtima."

"Sunaseke wekha, mwana wanga. Ndipo poyambira unandionetsa ndiwe."

"Ndingabwerekeko buku lanulo?"

"Bwereka, koma kapu ya tiyi isayandikire."

Achinyamata awiri aja sanachotsedwe, chifukwa anachita zimene anaphunzitsidwa. Uja wa nkhani ya nkhuku anabwera akukanda m'mutu, n'kufunsa kuti Lolembalo abwere nthawi yanji. Mayiwo anamuuza kuti mlonda akamatsegula geti amupeze ataima kale. Nkhope yake inagwa, koma anavomera.

Asanaweruke, Mayi Rula anapita kuchipinda chosungiramo katundu chija. Mabuku awo anali pomwe paja, atachita fumbi. Anakhalanso pamuluwo, pamalo omwe analirira, koma ulendo uno mtima uli m'malo. Anasolola buku lakale kwambiri, lija analijambula kawiri ali mtsikana, n'kulipukuta ndi m'mphepete mwa siketi. Anakumbukira mkulu waukali uja, amene anamwalira asanagwirepo kompyuta. Kwa zaka zambiri ankamuona ngati munthu wankhanza. Tsiku limenelo anamuthokoza chamumtima, n'kutenga bukulo kukaliika pa desiki yawo, pafupi ndi sikirini.

Atafika kunyumba, amuna awo anali pakhonde, makina osokera ali phee. Sanali kusoka kanthu, ankangoyang'ana kumsewu. Pambali pa makinawo panali kampando katsopano, kopalidwa bwino, ndipo pamwamba pake panali kansalu kofewa kosokedwa mosamala. Bambowa anali atakakonza mwakachetechete sabata imeneyo, kuti akazi awo akabwera atalephera asaone ngati alibe pokhala.

Mayiwo anayang'ana kampandoko, n'kuyang'ana amuna awo.

"Abambo, aka ndi ka ndani?"

Bambowo anawerenga nkhope ya akazi awo, n'kuona mmene zathera. Anatulutsa mpweya wautali umene nawonso anali ataugwira tsiku lonse.

"Aka? Ndi ka makasitomala. Inu mumaganiza kuti ndingakulembeni ntchito, munthu wosadziwa n'kulowetsa ulusi komwe?"

Mayi Rula anakhala pa kampandoko, kutambasula miyendo, n'kuseka mpaka anansi anasuzumira. Anakhalapo tsiku limenelo lokha, ngati mlendo.

Lero mayiwa akadali mu ofesi yomweyo. Amalembabe ndi zala ziwiri. Aliyense wobwera kumene pa ntchito amayamba wakhala pa desiki yawo, ndipo phunziro loyamba ndi kupanga tebulo lopanda kanthu limene limatenga mitu yake pa fomu. Chichitikireni zija fomu yasinthanso katatu, ndipo palibe danga limene linatayika.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina nanunso muli ndi kalata m'thumba. Mwina zimene munazigwira zaka zambiri zatulutsidwa pa wilibala, ndipo achinyamata akukusekani mmene mukubayira mabatani. Lirani ngati misozi yabwera, si mlandu. Koma mukatha kulira, pitani mukafunse amene akudziwa, ngakhale ali msinkhu wa mwana wanu. Ndipo zimene munaphunzira movutikira musazisiye m'chipinda cha mipando yothyoka, chifukwa makina atsopanowo akuzifunabe. Mayi Rula anatsala pang'ono kutuluka pageti, ndipo akanatuluka, madzi a zitsime zinayi zija akanamwedwabe. Inunso bwererani pa desiki. Mtima musautaye, ndipo mawa geti likamatsegulidwa, akupezeni mutaima kale.